Udzu wa Kumunsi kwa Bwalo

Ndege inazungulira mudzi wathu wa Kwelabip kawiri, kenako inakweza mphuno. Ine ndinali nditakoleka kale thumba langa pamphumi, wokonzeka kutsika. Kumbuyo kwanga, pamene anachotsa mipando, panali bokosi la amuna anga, a Fobanok, lomangidwa ndi malamba ngati katundu wa kusitolo.

"Tikupita kuti tsopano?" ndinakuwa, poti injini inkasokosa.

Kapiteni Lohia, woyendetsa ndegeyo, anapendeketsa phiko n'kuloza pansi. Ndinasuzumira. Bwalo lathu la ndege ndi kamzere kamodzi kokwera phiri pakati pa nkhalango. Ndege imagunda pansi kumunsi, n'kuthamanga chokwera mpaka kukaima kumtunda pafupi ndi tchalitchi. Kumtunda kunali kometedwa bwino. Pakati chimodzimodzi. Koma kumunsi, pamene matayala amayambira kuponda, udzu unali kuweyuka ndi mphepo ngati munda wa nzimbe.

"Amayi, udzu umenewo ndi wofika m'chiuno," anatero. "Ndikaponda pamenepo, mabokosi akhala atatu."

"Ndi udzu chabe, mwana wanga. Si mitengo."

"Ukakulunga matayala tigudubuzika. Mbali imeneyo ndi ya yani?"

Inali yathu. Bwalolo linakumbidwa ndi mafuko atatu ine ndidakali kamtsikana ka sukulu, ndipo fuko lililonse limasamala gawo lake. A Fobanok ndi amene ankathamangitsa anyamata a fuko lawo kukatchetcha. Atadwala n'kupita nane kuchipatala cha m'tauni, zikwakwa zinagona. Uthenga wa imfa utafika pa wayilesi yolankhulirana ya m'mudzi, zinagoneratu, chifukwa kwathu fuko lofedwa silidula kanthu mpaka wakufayo atalowa m'nthaka. Ukadula, wadula njira yake.

"Bokosi ndilibweza ku mochale," anatero Kapiteni. "Lachisanu ndibweranso. Kenako ndegeyi ikupita kukakonzedwa, ndipo mtembo sudikira ndege. Ndikalepheranso kutera, akawaika kumanda a m'tauni."

Manda amenewo ndinawaona. Mchenga wokhawokha, m'mbali mwa msewu, munthu kugona pakati pa anthu oti sanamvepo ngakhale dzina la mtsinje wakwawo. A Fobanok anandigwira dzanja m'chipatala muja n'kundiuza chinthu chimodzi chokha, kuti akagone pansi pa mitengo yawo, pamwamba pa bwalo.

"Mukufuna bwalo lotani?" ndinafunsa.

"Udzu usapitirire pa akakolo. Nthaka ikhale yolimba, yoti chidendene chisalowe."

"Ndiye munditsitse ku Fumbip."

Ku Fumbip kuli bwalo lina, kutsidya kwa phompho la mtsinje wa Sal. Bokosi silingadutse kumeneko. Ulalo wake ndi wa zilambe, munthu amawoloka yekhayekha, ndipo ngakhale nkhumba timainyamula m'thumba. Kapiteni anayang'ana mawondo angawa, nayamba kunena za ukalamba. Ndinamuuza kuti ayang'ane kutsogolo, kuli phiri.

Titatera ndinagogoda pabokosi. "Bambo, ndikupita kukaona udzu wanu. Mundidikire."

Ndinayenda ndi amayi ena a ku Fumbip amene ankapita ndi mchere kwathu. Za ulendowo sindinena zambiri. Mvula, matope, misundu, kutsika ndi kukwera. Paulalo sindinayang'ane pansi. Tinagona m'njira, ndipo ndinalowa m'mudzi Lachitatu dzuwa litapendeka.

Nyumba ya maliro inali yodzaza, utsi uli tolotolo. Onse anali atadzola dongo lachikasu kumaso ndi m'manja, mawu atasasa, poti anayamba kulira tsiku lija la uthenga. Atandiona anandithamangira, wina kundigwira khosi, wina miyendo.

"Taimani kaye," ndinatero. "Ndili ndi misundu m'miyendomu."

Ndinamva wina akunong'ona kuti, "Taonani maso ake, ndi ouma gwa." Ndinamusiya. Ndinapita molunjika kwa alamu anga, achimwene awo a malemu. Dzina lawo sinditchula, ndi alamu anga. Anali atakhala pafupi ndi moto, ndevu zitauma ndi dongo.

"Mlamu, mwamusiya kuti mng'ono wanga?"

"Munamuona nokha akuzungulira pamwamba panu. Amene munamubweza ndi inuyo."

"Ife?"

"Udzu wanu. Lachisanu ukapezeka choncho, akagona mumchenga kwa eni."

Anthu anayambanso kulira mokweza. Ndinadikira kuti apume.

"Zikwakwa sitingagwire, mukudziwa," anatero alamu. "Mukufuna asochere m'nkhalango, azibwera kudzatigwira ana?"

"Manda akumba ndani?"

"Akwawo kwa mayi athu, monga mwa nthawi zonse. Ndi okonzeka."

"Iwowo atchetchenso."

"Kukumba manda n'kupereka, mlamu. Kutchetcha n'kutenga. Munthu akalambula malo, mawa amati ndi ake."

"Komatu ife tilipo!" anatero mawu pakhomo. Anali a Kiniok, mkulu wa fuko la gawo lapakati. Chikwakwa chawo anali atachitsamiritsa panja, chonoledwa mpaka kung'anima. "Ine ndine mnansi wabwino. Mawu amodzi okha, anyamata anga amaliza dzuwa lisanafike pamutu."

"Mnansi wabwino ngati nkhumba pampanda wa mbatata," anayankha alamu. "Bambo ako anatitchetchera dimba lakumtsinje tili pamaliro a agogo. Mpaka lero ukudya nthochi zake ndiwe."

"Nthochizo n'zokoma, nkhalamba. Ndikubweretsere phava?"

"Tuluka!"

"Ndabwera kudzalira mnzanga. Ukundithamangitsa pamaliro?"

A Kiniok anakhala pansi, nalira pang'ono, diso limodzi lili kwa ine.

Madzulo onsewo anthu anapereka nzeru. Wina anati tiotche. Udzu wake uti, woti mvula imauthira tsiku ndi tsiku? Wina anati tilowetsemo nkhumba, ngati sanaonepo chimene nkhumba imachita ndi nthaka. Abusa anati mwambowu ndi wakale, Mkhristu angathe kugwira chikwakwa. Alamu anawafunsa ngati iwowo anagwira mayi awo atamwalira. Abusa anati tiyeni tipemphere.

Lachinayi m'mawa ndinalephera kukhala pansi. Ndinasesa, ndinasonkha moto, ndinautaya, ndinatuluka. Ndinatsika bwalo lonse mpaka pamwala wa malire, pamene gawo la a Kiniok limathera. Kuchokera pamenepo kunali udzu wokhawokha mpaka kumphepete kwa phompho. Ndinalowamo. Unandinyowetsa mpaka m'mimba. Ndinaganiza za bambo uja, mmene ankaimira pamwala umenewu m'mawa n'kumakuwa mayina a anyamata aulesi, ndipo mkwiyo unandikwera. Ndinagwira udzu dzanja lodzaza n'kuupotokola. Unathyoka, n'kundicheka chikhatho.

Kumbuyo kwanga kunamveka mfuu. Anali mng'ono wanga Yuwen, amene anakwatiwa ku fuko la a Kiniok. Ankanditsatira, ndipo atandiona nditawerama anayesa kuti misozi yafika tsopano. Anadzigwetsa pansi monga timachitira akazi pamaliro, kugubuduka, kumenya nthaka, manja akumwetula chilichonse chimene apeza. Yuwen amalira ndi thupi lonse. Ndinaima n'kumamuyang'ana. Pamene anadzuka kuti apume, pansi pake panali poyera, malo okwana mphasa.

"Yuwen, ukulira kapena ukudula?"

"Achemwali, funso lanji limenelo? Ndikulira!"

"Taliranso apo."

"Mwapenga?"

"Lira, iwe. Sunthira kumanzereko."

Ndinakwera chothamanga, mawondo akudandaula. Alamu ndinawapeza akudya mbatata yootcha.

"Alamu, mng'ono wanu moyo wake wonse unathera kumunsi kwa bwalo. Bwanji tikumulirira m'nyumba ya utsi, mmene sankakhalamo n'komwe? Maliro asamukire kumeneko."

"Mu udzu?"

"Mu udzu momwemo. Mkazi akagwa pansi n'kumwetula udzu ndi chisoni, wadula?"

Anasiya kutafuna. Anayang'ana chikhatho changa chamagazi, nayang'ana anthu.

"Kulira si kudula," anatero pang'onopang'ono.

"Koma fuko lanu lokha silingamalize. Aitaneni onse."

"Ndi Kiniok yemwe?"

"Wobwera kudzalira sabwezedwa. Ndipo munamvapo munthu atatenga malo ndi misozi?"

A Kiniok anali pomwepo, makutu ali tcheru. "Ine misozi ndili nayo yambiri," anatero.

"Chikwakwa chako chitsale pamwala," anatero alamu. "Ndipo ulire moti ndizikumva. Ukangokhala chete, ndiye kuti ukugwira ntchito, ndikuthamangitsa."

Dzuwa lisanafike pamutu chigwa chonse chinali kumunsi kwa bwalo. Mafuko onse atatu, ndi amayi a ku Fumbip aja omwe. Anthu anagwa mu udzu ngati mbalame m'munda. Akazi ankatsogola, akugubuduka ndi kumwetula, akutchula dzina la malemu ndi zabwino zake, zina zoti ine sindinazionepo. Okalamba ankatola udzu wothyokawo n'kukautaya kuphompho, akulira chapansipansi kuti alamu asawanene. Ndinaona kuti zitheka, ndipo ndinakwera kukauza mnyamata wa wayilesi kuti atumize mawu kwa Kapiteni.

Kumeneko ndinachedwa, wayilesi inkangolira phokoso. Mvula inagwa n'kukata. Pobwerera ndinamva kuti kulira kwasintha, kwasanduka kwa amuna. Nditafika pamwala ndinagwira kumutu.

Amuna a fuko lathu ndi a fuko la a Kiniok anali atayamba kupikisana. A Kiniok akalira mokweza, a kwathu ankakweza kuposa. Uyu akamwetula dzanja limodzi, winayo manja awiri. Ndipo poti nthaka inali itafewa ndi mvula, sankathyolanso. Ankazula zitsa zathunthu, ndi mizu ndi dothi lomwe, n'kuziponya m'mwamba kuti aliyense aone kukula kwa chisoni chawo. Paliponse panali maenje, ndipo m'maenjemo madzi anali atayamba kale kudikha.

"Musazule!" ndinakuwa. "Inu! Musazule! Thyolani pamwamba!"

Palibe anamva. Ndinathamangira kwa a Kiniok, amene anali atanyamula chitsa chachikulu ngati mwana wa nkhumba.

"Bwezerani pomwe mwachitenga!"

"Mayi, chisoni changa n'chozama. Chimafika kumizu."

"Chisoni chanu chigwetsa ndege. Bwezerani!"

Ndinayenda mzere wonse ndikukalipa. Uyu ndimulande chitsa, uyu ndimukoke mwendo. Kulira kunazima pang'onopang'ono, anthu n'kumandiyang'ana. Gogo wina wa kumtunda anadzuka, matope akuyenderera m'masaya.

"Mkazi wopanda misozi ameneyu ndiye atiphunzitse kulira? Mwamuna wake yemwe!"

"Gogo, misozi ndilira akafika. Panopa ali mufiriji ngati nsomba. Mukufuna akhale momwemo?"

Ndinaponda penapake, phazi linalowa mpaka pa akakolo. Ndinawauza mawu a Kapiteni, a chidendene aja. Anthu anayang'ana maenje amene anakumba okha. Udzu wautali unali bwino kusiyana ndi dimba limene tinapangali.

Alamu ndi amene anadzuka. Anatola chitsa chimodzi, nachibwezera m'dzenje lake, nachiponda ndi phazi. Anachipondanso. Kenako anayamba nyimbo imene amuna amaimba polowa pamudzi wa maliro, ija amayenda mondondozana akumenya pansi ndi mapazi onse awiri. Ana awo analowa kumbuyo kwawo.

"Kiniok!" anakuwa pakati pa nyimbo. "Mimba yakoyo igwire ntchito lero. Nthochi zathu zija zibwerere m'nthaka!"

Akazi tinkabwezera zitsa, amuna akuponda. Anatsika, anakwera, anatsikanso, mpaka mdima unawabalalitsa. Amene anali ndi manja osachekeka anapitiriza kuthyola zotsala. A manja otero anali ochepa.

Lachisanu kunacha ndi nkhungu yoti munthu sungaone nkhumba yako. Ndinatsika kukaponda. Chidendene chinalowa pang'ono. Ndinayesa pena, chinalowanso. Ndinakwera ku wayilesi, ndinatsika, ndinakweranso. Yuwen anandipatsa mbatata, ndinaiyika penapake n'kuiwala. Potsiriza mawu a Kapiteni anamveka.

"Amayi, phiri la kutsogolo likuoneka?"

"Miyendo yake yokha."

"Udzu?"

"Pa akakolo."

"Nthaka?"

"Chidendene changa chikulowa pang'ono. Koma ine ndine wolemera."

"Ndege ndi yolemera kuposa inu, amayi. Ndidzaona ndekha. Sindikulonjeza."

Nkhungu inayamba kung'ambika dzuwa litakwera. Anthu anakhala m'mbali mwa bwalo, onse maso kumwamba. Mwana akalira, ankamutseka pakamwa kuti timve. Kawiri konse wina anakuwa kuti "Iyo!" koma unali mtsinje.

Itamvekadi, chimene ndinkaopa chinachitika. Akazi anadzuka ndi mfuu n'kuthamangira pakati pa bwalo kukachingamira malemu, manja ali m'mwamba.

"Chokani! Chokanipo!"

Ndinatola mtolo wa udzu n'kuyamba kuwakwapula. Alamu anathamangira mbali ina, a Kiniok mbali inanso, akukusa anthu ngati nkhuku. Gogo uja anakhala pansi pakatikati, akuti iye sasuntha. A Kiniok anangomunyamula.

Ndege inatulukira m'chigwa, inatsika mpaka tinaona nkhope ya Kapiteni pawindo, inadutsa pamwamba pa gawo lathu osagunda, n'kukhotera kuseri kwa phiri. Phokoso linazilala, kenako linatheratu.

Palibe analira. Ndinaima ndi mtolo wanga m'manja. Ndinkangoona mchenga uja, ndi magalimoto akudutsa.

"Wapita," anatero Yuwen.

"Khala chete."

Inabweranso chapansi kwambiri, ngati ikufuna kulowa m'phompho. Matayala anagunda. Matope anauluka mbali zonse ziwiri mpaka kukwirira mawindo. Inapendekera kumanzere, inadziwongola, inapendekeranso, kenako inafika pa udzu wa a Kiniok n'kukwera bwinobwino mpaka kutchalitchi.

Kapiteni anatsika, sanapereke moni. Anayenda yekha mpaka kumunsi, ife tikumutsatira chapatali. Anayang'ana mikwasa iwiri yakuya imene matayala anasiya. Nsapato zake zinasanduka zadothi.

"Mwatchetcha ndi mano?" anafunsa.

Anayang'ana manja a Yuwen, a alamu, anga. Anavula chipewa.

"Pepani, amayi. Bambo afika." Anakanda kumutu. "Koma kutera ndatera, kunyamuka sindinyamuka. Mikwasa iyi ifafanizidwe ndi mafosholo, mabampuwa asalazidwe. Apo ayi ndege igona pano, ndipo ine ntchito yandithera."

"Fosholo imadula nthaka," anatero alamu. "Sitigwira mpaka titaika. Ndipo munthu ngati ameneyu saikidwa tsiku lofika. Agone m'nyumba, abale amuone, nkhumba ziphedwe, akuluakulu alankhule."

Kapiteni anayang'ana mitambo imene inali itayamba kuunjikana kuphiri. Ine ndinayang'ana bokosi, limene linali litayenda kale maulendo ambiri padzuwa.

"Musavutike, anzanga," anatero a Kiniok mokoma mtima. "Inu lirani mosathamanga. Mafosholo anyamata anga ali nawo. Mlendo asagone m'nkhalango chifukwa cha ife."

Alamu anatembenukira kwa ana awo.

"Nyamulani bokosi," anatero. "Tiika lero."

Sindinaonepo maliro achangu chotero, ndipo ndikanakonda onse akanamakhala choncho. Abusa anawerenga ndime imodzi. Akuluakulu amene anakonzekera kulankhula mpaka mawa anapatsidwa mpata wongotsokomola. Kapiteni anagwira ngodya imodzi ya bokosi pokwera kumitengo kuja, akuterereka ndi nsapato zake za m'tauni, ndipo a Kiniok anagwira inzake, poti kunyamula maliro sikupatsa munthu malo.

Dothi lomaliza litapondedwa, ana a alamu sanadikire ngakhale pemphero lotsekera. Anatsetsereka phiri, dongo lidakali kumaso, kukatenga mafosholo ndi zikwakwa. Alamu anatsika pambuyo pawo n'kukaima pamwala wa malire, akukuwa mayina.

Ine ndinatsala pamanda. Pamenepo bwalo limaoneka lonse, kuyambira kutchalitchi mpaka kuphompho. Ndinaona ndege ikutembenuka, ikutsetsereka, n'kudzuka mvula isanafike. Itapita, zikwakwa zinkamvekabe kumunsi.

"Mukumva, bambo?" ndinatero. "Akutchetcha."

Pamenepo ndinakhala pansi padothi lofewalo. Yuwen anabwera, anaona maso anga atanyowa, natsegula pakamwa kuti ayambe mfuu yake ija.

"Usayambe," ndinamuuza. "Pita ukatenge madzi otentha ndi mchere. Manjawa akupweteka."